Kodi mitengo ya kwathu tidzaionera kumanda chabe?

Inu amene mumakwera basi m'mawa kuchokera ku Kapata, ku Mchini, ku Navutika kapena ku Magazine, pali mayeso aang'ono amene mungachite osalipira olo ngwee imodzi. Tchulani mitengo imene mukuidutsa kuyambira pamene mwakwerera mpaka pamene mutsikire. Ambiri mudzatchula mango, bulugamu, malaina, jakaranda, mwina ndi nimu. Yonseyi ni mitengo yabwino, imatipatsa mthunzi, zipatso ndi mapulanga. Koma palibe olo umodzi umene kwawo ni kuno. Mango, malaina ndi nimu kwawo ni ku Asia, bulugamu ni wa ku Australia, jakaranda ni wa ku South America. Manje tchulani msuku, mpundu, mlombwa kapena mchenja umene mwauona m'mbali mwa Umodzi Highway. Apa ndiye basi yonse imangoti zii.

Sikuti mitengo ya kwathu siilowa m'tauni. Imalowa tsiku lililonse mbandakucha, itamangidwa pa kaliyala wa njinga. Aliyense wolawirira amawadziwa anyamata a malasha amene amabwera ndi msewu wa Msoro, wa Mfuwe, wa Lundazi ndi wa Chadiza, masaka atatu kapena anayi pa njinga imodzi, thukuta lili kamukamu. M'masaka amenewo muli mombo, muli mtondo, muli muwanga. Wogula malasha amafuna olemera, okhalitsa pa mbaula, ndipo olemerawo amachokera ku mitengo yolimba ya m'tchire imene imatenga zaka makumi angapo kuti ikule. Ife a m'tauni timakumana ndi nkhalango ya ku Kasenengwa itada kale, ili mu kapulasitiki ka pamsika.

Ganizo langa ni ili. Chipata, imene inakwezedwa kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, pamodzi ndi boma la Kasenengwa limene linapatulidwa ku Chipata mu 2018, afunika munda wa mitengo ndi zomera za kuno kwathu. Munda umenewo uyendetsedwe ndi anthu wamba odzipereka, ife amene timakwera mabasi, kugulitsa pamsika ndi kuphunzitsa m'masukulu. Tikadikira kuti ofesi ina ku Lusaka idzatiganizire, mitengo ina idzatha tisanaphunzire n'komwe maina ake.

Ndikamati munda, musaganize za paki ya kapinga wometa kumene akwati amapita kukajambulitsa. Ndikunena malo a mahekitala ochepa, otchingidwa bwino, kumene mtengo uliwonse uli ndi kachikwangwani ka dzina lake m'Chinyanja, m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka, ndi dzina limene asayansi amaudziwa nalo. Pali buku lolembamo kumene mbewu inachokera, kaya ni ku Chiparamba kaya ni ku Chadiza, ndi chaka chimene inabzalidwa. Pali nazale ya mbande. Munthu amalowa kuti adziwe, ndipo amatuluka atanyamula kamtengo kokabzala kunyumba. Kusiyana kwa munda wotere ndi tchire wamba kuli pa zinthu zitatu zimenezi: maina, buku ndi nazale.

Makolo athu nzeru imeneyi anali nayo kale. Mukamayenda m'midzi ya ku Kasenengwa kapena ku Katete, minda imakhala yoyera mbee, chimanga, thonje, soya ndi fodya, kenako mwadzidzidzi mumaona kachilumba ka mitengo italiitali yowirira. Simufunika kufunsa, pamenepo ni pamanda. Mwambo unaletsa nkhwangwa kumeneko, ndipo chifukwa cha mwambowo kuli mitengo ikuluikulu imene kumunda ndi kudambo inatha kalekale. Manda ndiwo akusunga mbewu ya nkhalango yathu. Vuto ni lakuti kumanda sikuli kwa masewera. Mphunzitsi sangatenge ana a giredi 5 kukaphunzira masamba kumeneko, ndipo kwa Achewa kuli malamulo ake a gule amene salola aliyense kungolowa. Tinapereka mitengo yathu kwa akufa kuti atisungire, ndipo asunga bwino. Amoyo afunikanso malo awo.

Wina m'basi afunsa kuti, nanga ine wokhala m'komboni, wa lendi, mtengo wa m'tchire undithandiza chiyani? Tiyambe ndi madzi. Chipata inamangidwa pakati pa mapiri, ndipo madzi a m'mapaipi athu amachokera ku madamu a pa mtsinje wa Lutembwe. Phiri likakhala ndi mitengo, mvula imagwera pa masamba, imatsika pang'onopang'ono, imalowa pansi, ndipo mitsinje ndi zitsime zimakhala ndi madzi mpaka mu Okutobala. Phiri likametedwa, madzi amathamanga tsiku lomwelo, amakokolola dothi, amadzaza ngalande za m'komboni ndi kukasiya matope m'damu. Damu lodzala matope limasunga madzi ochepa, ndipo madzi amatope amadya ndalama zambiri kuti ayeretsedwe. Yang'anani phiri la Kanjala ndi anzake mmene nyumba ndi minda zikukwerera chaka ndi chaka. M'mbali mwa mitsinje monga Lunkhwakwa, mitengo yogwira dothi ni katope, mkuyu ndi mbawa. Mbande zake mungazipeze kuti lero mutazifuna?

Chachiwiri ni chakudya. Mvula ikayandikira, mabeseni a masuku amadzaza m'misika ndi m'masitesheni, ndipo amayi ambiri a kumudzi amapezerapo ya sopo, ya mchere ndi ya yunifomu. Nthawi imeneyo ndiyo nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, kotero masuku, mpundu, nthudza ndi mateme zimatseka dzenje la njala kwa ana. Palibe amene anabzala mitengo imeneyo, tikungokolola. Bowa nayenso ni chimodzimodzi. Mitundu yambiri ya bowa wa m'tchire imakhala pa ubale ndi mizu ya mombo ndi msuku, ndipo siimera pamene mitengoyo palibe. Mukadula mombo mwadulanso ndiwo za mu Januwale. Vinkubala zimadya masamba a mitengo ya m'tchire, njuchi zimadalira maluwa ake. Mtengo wa zinthu zimenezi ukakwera pa Saturday Market timadandaula za ogulitsa, koma chimene chachitika ni chakuti tchire lasunthira kutali ndipo wonyamula akuyenda mtunda wowirikiza.

Chachitatu, funsani akalipentala a ku Kapata za mapulanga a mlombwa, umene pamalonda amautcha mukwa. Adzakuuzani mmene akudulira ndi mmene akuvutira kupeza aakulu. Nkhani ya mukula tonse tinaimva, mathiraki atanyamula zipika kupita kunja mpaka boma linachita kuletsa. Mu 2019 mukula unaikidwa pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES, wa mitengo imene malonda ake akunja ayenera kuyang'aniridwa kuti isathe. Mu 2022 mndandandawo unawonjezedwa, ndipo mlombwa, mbawa ndi mupapa zinalowamo. Maiko akunja anaona kuti mitengo imeneyi ili pangozi. Ife eni ake ambiri sitingauzindikire mlombwa utaimirira, timaudziwa ukakhala chitseko.

Apa ndiye pali kutayika kwina kumene sikuoneka pa sikelo. Dzina la mtengo limanyamula nzeru: uwu umachita luzi labwino, uwu chiswe sichiudya, uwu utsi wake ni woipa osaphikira, uwu zipatso zake mbuzi zimanenepa nazo, uwu makungwa ake agogo ankawanyika mwana akadwala m'mimba. Msangu umagwetsa masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, ndiye chimanga chimakula bwino pansi pake. Amene amadziwa zimenezi ni achikulire, ndipo chaka chilichonse tikuwaika m'manda. Mwana wobadwira ku Kalongwezi angathe kutchula osewera onse a Manchester United, koma mpoza ndi kachere sanazionepo. Mlandu si wake. Palibe amene anamuonetsa, ndipo palibe malo omuonetsera.

Tisanamizane kuti vuto ni laling'ono. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ni chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango chaka chilichonse, chifukwa cha kutsegula minda, malasha, nkhuni ndi kumanga. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ni tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinaonetsa mmene zinthu zimakokerana. Madzi atachepa ku Kariba, malaiti anayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse, ndipo olo a kumayadi amene anali ndi masitovu anagula mbaula. Kumudzi chimanga chitapsa, mwamuna amene analibe chogulitsa anatenga nkhwangwa. Sindingamuloze chala munthu ameneyo pamene nsima imene ndinadya usiku womwewo inaphikidwa pa malasha ake. Tonse tili mu unyolo umodzi.

Manje funso lolemera ni ili: kamunda ka mahekitala asanu kangachite chiyani pamaso pa mahekitala 250,000? Yankho ni lakuti sikangaletse malasha, ndipo amene angakuuzeni kuti kangaletse akukunamizani. Malasha adzachepa malaiti akadalirika, gasi akatsika mtengo, ndiponso wa kumudzi akapeza njira ina ya ndalama. Ntchito ya munda ni ina. Mlimi aliyense amadziwa kuti olo njala ivute bwanji, pali kathumba ka mbewu kamene sikapita kuchigayo. Munda wa mitengo ya kwathu ni kathumba kameneko. Tsiku limene mudzi, sukulu kapena mpingo udzafuna kubwezeretsa phiri lake, pafunika malo opezako mbewu yeniyeni ndi munthu wodziwa kuimeretsa.

Kumeretsa mitengo ya m'tchire kuli ndi luso lake. Njere ya msuku siichedwa kufa, ukaisunga milungu ingapo chabe mphamvu yatha, ifunika kubzalidwa ikangotuluka mu chipatso. Msuku ulinso ndi mtengo waumuna ndi waukazi, ndiye ukabzala njere sudziwa ngati udzabala mpaka patapita zaka zambiri. Njere zina zili ndi chikopa cholimba, zifunika kukandidwa kapena kunyikidwa m'madzi ofunda. Mbande za mombo zimayamba ndi kuzika muzu pansi, pamwamba zikuoneka ngati zaima, ndipo wosadziwa amazizula poganiza kuti zakanika. Zonsezi munthu amaphunzira pogwira dothi, ndipo akaphunzira amaphunzitsa mnzake.

Ubwino wake ni wakuti nzeru zina zili pakhomo pathu pomwe. Pa Msekera Research Station, kumadzulo kwa tauni, akatswiri a boma pamodzi ndi bungwe la ICRAF anayamba kafukufuku wa mitengo ya m'minda kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Njira yogoneka munda pobzalamo mitengo yobwezera chonde inayesedwa kumeneko ndi alimi a kuno Kum'mawa, ndipo inamveka mpaka kunja kwa Zambia. Bungwe lomwelo linafufuzanso za zipatso za m'tchire m'maiko a Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Tanzania, ndi kuonetsa kuti msuku ukamezanitsidwa ndi nthambi ya mtengo wobala bwino, umayamba kubala msanga kuposa wa njere. COMACO, imene ili ndi fakitale yake muno mu Chipata, yaphunzitsa alimi ambirimbiri kusamala nazale ndi kubzala gliricidia. Gliricidia kwawo ni ku Central America, koma manja amene aphunzira kumeretsa gliricidia angameretsenso mbawa.

Chaka chilichonse pa 15 Disembala dziko limayamba nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amavala magambutsi, amagwira fosholo, makamera amajambula. Onetsetsani mbande zimene zimabzalidwa: kawirikawiri ni paini, bulugamu, malalanje kapena mango. Palibe choipa pa mitengo imeneyi, ndipo bulugamu wobzalidwa pamalo oyenera amapulumutsa tchire popereka milimo ndi nkhuni. Koma chifukwa chachikulu chimene timabzalira imeneyi ni chakuti ndiyo imapezeka ku nazale. Mphunzitsi wamkulu amene angafune mipundu makumi awiri ya pasukulu pake adzayenda mpaka nsapato kutha. Munda umene ndikunenawu ungatseke mpata umenewo.

Anzathu kwina anachita kale. Ku Cape Town kuli munda wa Kirstenbosch umene unayamba mu 1913 ndi cholinga chosunga zomera za dziko la South Africa lenilenilo, ndipo chaka chomwecho anthu wamba anapanga bungwe la Botanical Society kuti liziuthandiza. Lero alendo ochokera dziko lonse amalipira pageti kuti akaone maluwa a m'tchire la kumeneko. Kufupi ndi ife, ku Zomba, munda wa zomera unayamba mu 1891, ndipo mu 1987 nyumba ya malamulo ya Malawi inakhazikitsa bungwe loyang'anira minda yotere, imene ili ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kuchokera ku Chipata, Lilongwe ni pafupi kuposa Petauke. Gulu lofuna kuyamba lingathe kudutsa pa Mwami m'mawa, kukaona ndi maso, ndi kubwerako madzulo.

Kwathu kuno chitsanzo ni Munda Wanga ku Chilanga, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro. Unayambidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi munthu mmodzi, Ralph Sander, monga munda wake. Pambuyo pake unalowa m'manja mwa boma. Chuma cha dziko chitavuta, ndalama zosamalira zinachepa, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 malowo anali atafooka kwambiri, mpaka mu 1998 pamene bungwe la Munda Wanga Trust linayamba kuwadzutsa. Munda wa munthu mmodzi umadwala mwini wake akadwala. Munda wodalira bajeti ya boma chabe umafota chaka chimene bajeti yapita ku mankhwala ndi feteleza, ndipo palibe nduna imene ingasankhe maluwa kusiya zipatala. Umene ungakhalitse ni umene uli ndi eni ake ambiri, okhala pafupi, amene amamva manyazi udzu ukamera pageti.

Ndikudziwa chimene ena akunena mumtima: a Zambia sagwira ntchito yaulere, popanda alawansi sabwera. Mapulojekiti ena anatizoloweza zimenezo, ni zoona. Munthu amasaina pepala, amalandira ya thiransipoti, pulojekiti ikatha chikwangwani chimachita dzimbiri ndipo mbuzi zimadya mbande. Koma yang'anani zinthu zimene timayendetsa tokha popanda wotilipira. Maliro akagwa m'komboni, nkhuni, ufa ndi okumba manda zimapezeka tsiku lomwelo. Chilimba cha amayi a pamsika chimayenda zaka osasweka. Makwaya amaphunzira nyimbo katatu pa sabata, matchalitchi ndi mizikiti zimamangidwa ndi njerwa zoumba eni ake. Timadzipereka pa chinthu chimene tikuona kuti ni chathu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo madenga ambiri a mu Chipata anasenzedwa motero.

Komabe njala siinamizidwa. Mnyamata amene sanadye sungamuuze kuti athirire mbande chifukwa cha chikondi cha dziko. Ndiye munda uyenera kupanga kandalama kake. Mbande zigulitsidwe kwa omanga nyumba, masukulu ndi malodge. Ming'oma ya njuchi ipachikidwe, uchi ugulitsidwe. Masukulu a pulaiveti alipire pang'ono akabwera ndi ana, a boma alowe ulere. Alendo opita ku South Luangwa amadutsa muno mu Chipata popita ku Mfuwe, ndipo ambiri amaima kugula mafuta ndi zakudya. Ola limodzi loona mitengo imene akaipeze kutsogoloko angalilipire mosanyinyirika. Ndalama zimenezo zilipire mlonda mmodzi ndi wosamala nazale mmodzi, ena onse tizibwera Loweruka. Ndipo buku la ndalama lizikhala poyera, liziwerengedwa pamaso pa onse mwezi uliwonse, chifukwa magulu ambiri abwino amafera pa thumba la msungichuma.

Nkhani yovuta kwambiri ni malo. Mu Chipata ya lero, malo aliwonse opanda nyumba anthu amawaona ngati puloti imene ikudikira mwini wake. Tonse taonapo mabwalo a mpira ndi madambo akusanduka maziko usiku umodzi. Gulu likabzala mitengo pamalo a pakamwa chabe, patapita zaka zisanu lidzapeza njerwa zitatsitsidwa pakati pa mbande. Pepala liyambe, khasu libwere pambuyo. Lamulo lilipo: Forests Act ya 2015, pamodzi ndi malamulo ake a 2018, limalola anthu a dera limodzi, mogwirizana ndi mfumu yawo, kupanga gulu losamala nkhalango, kulembetsa ku Dipatimenti ya Zankhalango, ndi kupatsidwa mphamvu pa malowo ndi pa zotuluka m'menemo. Apa ndiye Kasenengwa ili ndi mwayi kuposa tauni, chifukwa malo akadalipo ndipo ali m'manja mwa mafumu monga a Madzimawe, a Mishoro ndi a Chikuwe. Mfumu ikaloza malo pamaso pa anthu ake, ndipo boma likasindikiza, wogulitsa mapuloti amaganiza kawiri.

Za ndalama zoyambira, sitifunika kupita kutali. CDF inakwera kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Ndalama zimenezi zili ndi ntchito zambiri zofunika, madesiki, zipinda za amayi oyembekezera, milatho, ndipo sindikunena kuti mitengo idumphe mzere. Chimene munda ungapemphe ni zinthu ziwiri zogula kamodzi: waya wa mpanda ndi borehole. Borehole imeneyo ingathandizenso mudzi woyandikana nawo. Zotsalazo, kulambula, kuthirira, kutola njere ndi kulemba maina, ni manja athu. Pempho lotere limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, kumene munthu aliyense wokhala m'deralo ali ndi ufulu wolankhula.

Chosangalatsa ni chakuti tchire la kwathu silifa msanga. Mombo, msuku ndi mitengo yambiri ya mtundu umenewu ikadulidwa, chitsa ndi mizu zimakhala zamoyo, ndipo zimaphukanso. Chimene chimapha mphukira ni moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, mbuzi, ndi nkhwangwa yobwera kachiwiri. Kotero malo abwino oyambira munda ni phiri kapena munda wakale umene uli ndi zitsa. Mukautchinga, mukalambula njira yotchinga moto kuzungulira, mukapatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, patapita zaka zochepa mudzayenda mu mthunzi. Pamenepo ndiye muwonjezere mitundu imene ikusowa. Njira imeneyi ni yotchipa kuposa kugula mbande masauzande zimene theka lake limafa chilimwe choyamba.

Malowo akhale pa msewu wa basi. Munda umene ungafikidwe ndi a magalimoto okha udzakhala wa anthu ochepa, ndipo anthu ochepa sangauteteze. Mayi wa ku Mchini athe kukwera basi imodzi ndi ana ake Loweruka, kondakita adziwe pomutsitsa. Ndipo aliyense ali ndi chimene angabweretse. Amayi ogulitsa masuku amadziwa mitengo imene imabala zotsekemera ndi kumene ili. Asing'anga ndi azamba akale amadziwa zitsamba zimene zayamba kusowa. Akalipentala angapange zikwangwani. Makalabu a Chongololo, amene akhala m'masukulu athu kuyambira m'zaka za m'ma 1970, angapeze kalasi ya panja. Opuma pantchito a zaulimi ndi zankhalango ali mbwee muno m'tauni, nzeru zili m'mutu, nthawi ali nayo. Owotcha malasha nawonso aitanidwe, chifukwa palibe amene amadziwa mitengo kuposa munthu amene amaisankha ndi nkhwangwa. Iye akakhala woonetsa alendo ndi wotola njere wolipidwa, tapindula kawiri.

Pali chenjezo limodzi kwa amene angayambe. Musathamangire kukumba zomera m'tchire kapena kumanda kuti mudzaze munda msanga. Tolani njere, pemphani chilolezo kwa eni malo ndi kwa anyakwawa, ndipo tengani kuchokera ku mitengo yambiri yosiyana kuti mbewu isakhale ya kholo limodzi. Lembani zonse. Munda wosunga mitengo ukayamba ndi kuba mitengo, wataya kale ulemu umene udzaufuna mawa.

Amene adzabzala mlombwa chaka chino sadzaucheka, mwina olo ana ake sadzaucheka. Zimenezi zimafooketsa m'nyengo ino imene tonse tikufuna phindu la pa foni lero lomwe. Koma mango amene tikudya m'makomboni anabzalidwa ndi anthu amene ambiri a iwo sitikuwadziwa, ndipo palibe amene anawalipira. M'mera mpoyamba.

Disembala 15 ikubwera. Pasanafike tsikulo, funsani khansala wa wadi yanu kuti ndi malo ati a khonsolo amene anasiyidwa kuti akhale a mitengo, ndipo akuonetseni pa mapu. Inu a ku Kasenengwa, nkhaniyi ipite kwa anyakwawa ndi ku komiti ya wadi. A mpingo, a sukulu ndi a chilimba, sankhani anthu awiri awiri, mukumane, mupite ku ofesi ya zankhalango mukafunse mmene gulu limalembetsera. Ndipo masuku akayamba, mukadya musataye njere zonse pa windo. Sungani zisanu, mubzale mu kapaketi ka shuga sabata lomwelo, muike pamthunzi kuseri kwa nyumba. Tsiku limene malo adzapezeka, nazale idzakhala itayamba kale m'makomo mwathu.